Msikochi Amene Sanandiitane Pageti

Ntchito yanga ndi yogula nyuzipepala zakale. Si ntchito imene munthu amaitchula mokweza pachinkhoswe, koma yandidyetsa kuyambira ndili ndi tsitsi lonse. Ndimazungulira m'mayadi ndi njinga, sikelo yokoloweka ndi matumba awiri, n'kumagula mapepala amene eni ake anathana nawo. Ndikafika nawo kwathu ku Kanyama, muno mu Lusaka, ndimawagawa. Oyera amapita kwa amayi a vitumbuwa ndi a tchipisi, othothoka kwa ogulitsa tinsomba touma ta kapenta, ndipo aakulu osang'ambika amatengedwa ndi opopera penti magalimoto kuti aziphimbira magalasi. Nkhani za dziko lonse zimadutsa m'manja mwanga, kungoti zimandipeza zitazizira.

Masiku ano anthu amawerengera pafoni, ndiye katundu wanga akusowa. Wina akakuuza kuti pali garaja yodzaza nyuzi mpaka kudenga, sufunsa kawiri. Ine anandiuza ndi mayi wina wa ku Bauleni, Mbemba mtundu wake, wogwira ntchito ya m'nyumba. Tinakhala moyandikana mu minibasi, ndipo ataona sikelo yanga anandigunda ndi chigongono.

"Imwe ba mbewa, mugula mapepala?"

"Nigula, ba kolwe, koma osati yakuba."

Ndi chimbuya chathu chimenecho, chibale chonyozana mwanthabwala. Makolo anga anachokera ku Malawi, koma kwa Mbemba aliyense wolankhula Chinyanja ndi wodya mbewa, ndipo kwa ife Mbemba aliyense ndi wodya anyani, amene iwo amawatcha kolwe.

"Kuli mzungu wanga," anatero. "Bamdala. Bali na manyuzi yambili, makoswe yatsegulamo na sukulu."

Nyumbayo inali kuseri kwa Kalingalinga, kumene mipanda imayamba kutalika. Nyumba yaikulu ya kutsogolo inali itasanduka ofesi ya anthu ovala mataye. Mwini wake wakale ankakhala kumbuyo, m'kanyumba kamene kale kanali ka antchito. Kanali ndi kageti kake ka m'mbali kotulukira m'kanjira ka fumbi, ndipo kuchokera pakhonde kukafika pakagetipo panali mtunda woti munthu n'kusintha maganizo kawiri.

Anali wamtali, wopindika ngati mbedza, atavala juzi mwezi wa Okutobala pamene enafe tinkawauka. Nsidze zawo zinali ngati tsache lotha.

"Mtendere ukhale ndi inu, bambo," anatero.

Ndinatsala pang'ono kuyankha kuti ameni. Chinyanja chawo chinali cha m'Baibulo lakale, chimene bambo anga ankapempherera. Anachiphunzira kwa anthu a mishoni ku Malawi asanafike kuno, ndipo zaka zonsezo palibe amene analimba mtima kuwauza kuti mu Lusaka sitilankhula choncho.

"Bwana," ndinayamba.

"Ayi. Liwu limenelo ndalimbana nalo moyo wanga wonse. Nditcheni mdala. Limenelo sindingalitsutse."

Atatsegula garaja mtima wanga unadumpha, koma nkhope ndinaiuza kuti ikhale chete. Mitolo inali yosanjikizana mpaka kumalata, uliwonse womangidwa ndi chingwe, uli ndi kakhadi kolembapo chaka. Pepala lake linali lalikulu, lochindikala, la mtundu umene opopera penti angakugwadire. Lamulo loyamba la kunenerera ndi lakuti usayang'ane chimene ukufuna, choncho ndinayang'ana denga, ndinayang'ana khoma, n'kupukusa mutu.

"Aa, bamdala, ivi vinthu vaola. Onani njenjete. Pepala yonyowa ilemera chabe pa sikelo. Nizakuthandizani chabe kuchosa, pakuti ndimwe bakulu."

Kenako ndinatchula mtengo umene mayi wa pamsika akanandigenda nawo tomato wowola.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Nsidze zija zinakwera pang'onopang'ono, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo pankhope ya munthu amene ndikumubera masanasana. Anali akusangalala.

"Mwanditukwana," anatero. "Amayi, tibweretsereni mipando iwiri. Bambo awa ali ndi mfundo."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti nyuzizo sizinali zongogula n'kusunga. Iwo ndiwo anali mkonzi wake, komanso mwini wake. Tinanenerera mpaka mthunzi wa mtengo wa mapeyala unachoka pa ife n'kupita pakhoma. Ankatsutsa ngati loya. Ati pepalalo linachokera kunja pa sitima, ati inki yake siida vitumbuwa, ati njenjete zinadya tsamba la zamasewera lokha chifukwa ndi lokhalo linali ndi zokoma. Pomaliza tinagwirizana, koma anaika malamulo awo. Ndizitenga mtolo umodzi pa sabata, Lachinayi. Iwo aziyamba auona kaye, kuopa kuti muli china chofunika kusunga. Ndipo mtengo tizikambirana mwatsopano ulendo uliwonse, chifukwa zaka sizifanana mtengo.

Kupalasa njinga kuchoka ku Kanyama, kudula tauni yonse, chifukwa cha mtolo umodzi, ndi misala. Koma pepalalo linali labwino. Ndinavomera, ndikudziuza kuti pakatha masabata atatu atopa n'kundipatsa garaja yonse.

Sanatope. Lachinayi lililonse ndinkapeza mtolo uli pakhonde, makapu awiri, ndi mabisiketi a kwawo okoma ngati katoni. Ankamasula chingwe mosamala, n'kumatembenuza masamba, n'kumandiwerengera zimene analemba, akumasulira m'Chinyanja chawo cha paguwa. Sanasungepo ngakhale tsamba limodzi. Moyo wawo ndinaumva choncho, mtolo ndi mtolo, usanapite kukakulunga tchipisi.

Kwa ine mzungu aliyense anali Mngelezi. Tsiku limene ndinawatcha choncho anatsala pang'ono kutsamwa tiyi.

"Ndine Msikochi. Kodi inu mungakondwe nditakutchani Mbemba?"

Mayi uja anayankha ali kukhitchini kuti kwa ine ungakhale ulemu waukulu.

Anabadwira m'katauni ka asodzi kumpoto kwa Sikotilandi, kumene amati mphepo imadula makutu. Bambo awo anali mkulu wa mpingo, munthu amene Lamlungu lililonse ankatsutsa ulaliki wa abusa pachakudya chamasana, ndime ndi ndime. Iwo anayamba ntchito akulemba za maliro ndi mitengo ya nsomba m'kanyuzipepala ka kwawo. Kuno anabwera ali achinyamata, kudzalembera nyuzipepala ya azungu, ndipo sanakhalitsepo. Analemba kuti n'chamanyazi kuti munthu wakuda azigula nyama kudzera pakawindo ka m'mbali mwa butchala ngati wopemphetsa, pamene ndalama yake ndi yofanana ndi ya mzungu. Mwini nyuzi anakana kusindikiza. Iwo anatola chipewa, n'kukagula makina akale osindikizira, n'kuyamba yawoyawo.

Pa ndale anali a chipani cha pakati, chija chinkati azungu ndi anthu akuda akhale pansi pamodzi, aliyense alankhule momasuka, zinthu zisinthe koma popanda magazi. Azungu anzawo anasiya kuwapatsa moni kukalabu, otsatsa malonda anathawa, ndipo wina anaponya njerwa pawindo la ofesi. Omenyera ufulu nawonso sankawafuna. Ankati ndi aja otiuza kuti tidikire. Pachisankho anaimapo kawiri.

"Ulendo woyamba ndinagonja," anatero. "Wachiwiri ndinagonja bwino kwambiri. Ndimakayikira ngati mkazi wanga anandivotera."

Ufulu utabwera anavina limodzi ndi aliyense, koma pakamwa sanathe kutseka. Atalemba kuti dziko silingayende ndi chipani chimodzi monga munthu sayenda ndi mwendo umodzi, anapezeka kuti ali okhanso. Nyuziyo inaonda chaka ndi chaka mpaka inafa. Akazi awo anapita kwawo kukadwazika mayi awo, osabweranso. Ana analibe. Anzawo a ndale anatha, ena kumanda, ena kunja.

Chimene ankakonda kwambiri m'nyuzi yawo linali tsamba la makalata. Kalata yowatukwana ankaiika pamwamba penipeni, n'kuikonzera zilembo zolakwika kuti wotukwanayo asachite manyazi. Ankati munthu akakutsutsa ndiye kuti wakuwerenga. Ndinazindikira kuti ine ndinali tsamba lawo la makalata, lobwera panjinga.

Mumtima ndinkawaseka kuti mdala uyu akugula wocheza naye ndi mapepala akale. Koma anyani amasekana zikundu. Mkazi wanga anamwalira kalekale. Ana anga awiri ali ku Kitwe, wina ku Joni. Amaimba foni pa Khirisimasi n'kufunsa ngati ndikumwa mankhwala. Ndimalankhula tsiku lonse, koma onse amene ndimalankhula nawo amayankha mtengo, osati ine. Ndikafika pakhomo ndimatsegula loko n'kupeza kapu pomwe ndinaisiya. Lamlungu masana, aneba akabwera kutchalitchi n'kutseka zitseko kuti adye, ndimakhala panja pa chitini cha penti n'kumapukuta sikelo yoyera kale.

Lachinayi ndinayamba kuvala malaya a kutchalitchi. Ndinkadziuza kuti ndi chifukwa cha alonda a m'mayadi, amene amayang'ana kolala asanayang'ane nkhope.

Tsiku lina anandiwerengera nkhani yawo ya za voti, yolembedwa ufulu usanabwere. Inkati voti iyambe yaperekedwa kwa anthu akuda amene anapita kusukulu ndiponso ali ndi katundu kapena malipiro ooneka, ena onse adzatsatira pambuyo. Ankawerenga mothamanga, ngati munthu wodutsa pakhomo pa apongozi.

"Imani pamene apo, bamdala," ndinatero. "Batate banga banabwela na mendo kuchoka ku Malawi. Banali kunyamula masaka ya simenti ku mafakitale. Sukulu banaiona chabe pa windo. Pa mndandanda wanu banalipo?"

"Panalibe."

"Koma nyama ya pa kawindo banali kugula."

"Inde."

"Ndiye imwe munali kufuna bangene mu butchala, koma movotela basangene."

Anapinda nyuziyo pakati, n'kuipindanso, n'kuisita ndi dzanja pabondo.

"Anthu anabwera ku ofesi kwanga kudzandiuza kuti ayi, zimenezi sitikuzifuna," anatero. "Ndinawapatsa tiyi. Ndinawafotokozera mokoma kuti ayi wawoyo sanali ayi weniweni, kuti akaganiza bwino avomera. Ndinkayesa kuti ndikuwakonda. Chimenecho ndicho cholakwa chachikulu cha moyo wanga, ndipo ndinachisindikiza pa pepala labwino kwambiri."

Mtolo umenewo sananenerere. Anangoti ndikaupereke kwa a kapenta. Munthu wanzeru akanasunga mawu awo aja. Ine ndinapalasa njinga ndikuimba mluzu kuti lero ndagwetsa mkonzi.

Chaka chinatha, china n'kupendeka. Makoma a garaja anayamba kuoneka, kenako pansi. Pofika Novembala panatsala mitolo yoti n'kukwana pa wilibala imodzi. Ndinayamba kuiyang'ana monga munthu amayang'anira ufa m'thumba pakati pa mwezi. Ikatha, ndidzabwera kudzatani? Munthu wa ku Kanyama sagogoda pageti ya mzungu n'kunena kuti ndabwera kudzacheza. Payenera kukhala sikelo pakati.

Panali chida chimodzi cha ntchito yanga chimene ndinali ndisanawatulutsire. Mu Lusaka malonda satha ndi pakamwa, amatha ndi msana. Mukalephera kumvana, wogula amavala nkhope ya maliro n'kunena kuti basi, zakanika, tsalani bwino. Amatembenuka n'kuyamba kuyenda. Sathamanga, sayang'ana kumbuyo, koma makutu onse amakhala kumsana. Wogulitsa amamusiya ayende pang'ono, kuti nayenso asaoneke wanjala, kenako amaitana mwaulemu kuti bwelani, bakamba, tikambe. Pamenepo onse awiri apambana. Wina waonetsa kuti angathe kupita, wina waonetsa kuti sakufuna kuti apite. Lamulo lake ndi limodzi lokha. Usabwerere wekha osaitanidwa. Ukatero wadzivula, mtengo umakwera, ndipo msika wonse umadziwa kuti ulibe kwina kopita.

Ndingathe kunama kuti ndinkafuna kutalikitsa malonda, kuti mitoloyo ichedwe kutha. Pang'ono zinali choncho. Koma zoona zake n'zakuti ndinkafuna kumva munthu akundiitana. Panali patapita zaka chimvereni munthu akundiuza kuti bwererani, amene sanali wogulitsa tomato.

Lachinayi limenelo anatchula mtengo wabwino, wotsika kuposa wa sabata yapitayo. Ine ndinaimirira, ndinapukusa mutu, n'kulonga sikelo m'thumba mwachisoni chonse chimene ndinali nacho.

"Bamdala, vakanika. Apa sitizamvana. Sinigula."

"Simugula?"

"Ayi."

"Mwatsimikiza?"

"Natsimikiza." Ndinanyadira mmene mawuwo anatulukira, olemera ngati a wolengeza maliro pawayilesi.

Anagwedeza mutu. "Chabwino. Pitani bwino, bambo."

Ndinakankha njinga. Ndinadutsa mtengo wa mapeyala. Ndinadutsa chingwe choyanikapo zovala. Kumbuyo ndinkangomva supuni ikugunda kapu. Ndinati ayi, akundisiya ndiyende, ali ndi luso. Nditafika pageti ndinagwada n'kuyamba kukonza tcheni cha njinga chimene sichinavute chigulireni. Ndinachichotsa n'kuchibwezera. Ndinapukuta manja. Geti ndinaitsegula pang'onopang'ono kuti ilire, n'kuitsekanso pang'onopang'ono. Kunja ndinaima m'kanjira kaja mpaka mlonda wa ofesi anayamba kundiyang'ana ngati wakuba.

Njira yonse yobwerera ndinkaseka. Ndinati mdala uyu ndi katswiri, akufuna aone ngati ndithyoke. Nambala yanga mayi uja ali nayo. Aimba mawa.

Foni sinalire. Lachinayi lotsatira ndinavala malaya aja n'kupalasa mpaka ku Kalingalinga, pamsewu pamene akalipentala amayala mabedi ndi zitseko. Pamenepo miyendo inakana kupitirira. Kuti ndisaoneke wosochera, ndinayamba kunenerera chitseko. Nyumba yanga ili ndi chitseko chimodzi ndipo chilipo. Ndinanenerera ola lathunthu, ndinati zakanika, n'kutembenuka. Ndisanayende ngakhale kufika pa ngalande, kalipentala anaitana kuti bwelani, bakamba. Ndinatsala pang'ono kuchigula chifukwa chothokoza.

Sabata yachitatu ndinafika pakona pa kanjira kaja. Ndinaona nsonga ya mtengo wa mapeyala pamwamba pa mpanda, n'kubwerera.

Mayi wa ku Bauleni ndinakumana naye pamsika waukulu wa m'tauni, akusankha nsomba zouma.

"Imwe ba mbewa, munafa?"

"Nchito yachuluka."

"Nchito ya chani, yopukuta sikelo? Bamdala pa Chinayi paliponse baniuza niike makapu yabili. Bamanga na mtolo, baika pa khonde. Bankhala mpaka tiyi yazizila. Ine nachosa."

"Banakutumani kuti muniitane?"

"Sibananitume. Ninabafunsa kuti nimuitane uja wa mbewa? Ati ayi, bambo aja anakana, tisawavutitse."

"Ndiye ngati sibanakutumeni..."

Anandiyang'ana monga ankayang'anira nsomba yofumbwa imene anali atangoiponya pambali. "Mzungu chipuba, na imwe chipuba, visilu vibili. Ine nili pakati nitsuka makapu."

Apa ndi pamene ndimadziseka kwambiri, tsiku limene ndingathe kuseka. Ndinali nditamva zonse zimene munthu angafune kumva. Makapu awiri, mtolo pakhonde. Koma mawu sanachokere kwa iwo, ndipo zaka zanga zonse za pamsika zinandigwira mwendo. Ndinadziuza kuti atsala pang'ono kugonja. Munthu amene waika kapu, sabata yamawa aitana.

Kenako mvula inabwera, ndipo Kanyama inachita zimene imachita. Madzi anadzaza m'njira, analowa m'nyumba, anakwera mpaka m'miyendo ya bedi. Mapepala anga ndinawasanja pa njerwa ndi patebulo, ine n'kumadyera chiimire. Njinga ndinaikoloweka pakhoma. Mvula inandipatsa chifukwa chabwino chosapitira, ndipo ndinachilandira ndi manja awiri. Lachinayi ndinkakhala pabedi, miyendo m'magambutsi, ndikumvera achule akukangana pakhomo panga.

Foni inalira mmawa wina mu Febuluwale. Anali mayi uja.

"Bamdala banagwa. Mbali imozi siisebenza bwino. Kwabwela mwana wa mlongo wao, babatenga ku Sikotilandi pa Chibelu." Anapuma. "Sibananitume, musafunse. Ni ine namiitana."

Linali Lachitatu, ndipo Loweruka limene ankanenalo linali la sabata yomweyo. Ndinanyamuka wapansi nditavala magambutsi, nsapato zili m'jumbo, ndikuwoloka madzi mpaka pamene minibasi zinkafika.

Ndinawapeza pakhonde, pa mpando wamatayala, atafunda bulangete. Mbali imodzi ya nkhope inali itagwa. Mwana wa mlongo wawo, mayi wachikulire ndithu, anatuluka atanyamula katoni, anandipatsa moni waulemu wa Chingelezi n'kulowanso. Garaja inali yotsegula, yosesedwa. Mitolo yotsala ija inali itasanjidwa pakona ya khonde.

"Mwabwera, bambo," anatero. Mawu ankatuluka mochedwa, ngati akuwakoka pachitsime.

Njira yonse ndinali nditakonza zoti ndinene, za kupepesa matenda ndi za Mulungu amene amadziwa. Chimene chinatuluka ndi china.

"Bamdala, munafunika kuniitana."

"Kukuitanani?"

Ndinakhala pampando wanga uja n'kuwafotokozera zonse, za nkhope ya maliro, za kuyenda osathamanga, za makutu a kumsana, za wogulitsa amene amaitana. Anamvetsera monga ankamvetserera kalata yowatukwana. Nsidze imene inkagwirabe ntchito inakwera.

"Ndiye kuti ayi wanu uja sanali ayi."

"Anali wa pamsika."

"Ndinakufunsani ngati mwatsimikiza."

"Ni mwamene tikambila. Mukafunsa so, munthu afunika kukamba natsimikiza."

Kenako phewa lawo linayamba kugwedezeka, ndipo ndinaona kuti akuseka ndi theka la pakamwa, mpaka kuseka kunasanduka chifuwa. Mayi uja anabwera ndi madzi, anawamwetsa, n'kundiponyera diso.

"Ndinakhala pano," anatero atapeza mpweya, "ndikukuonani mukukonza tcheni chimene sichinaduke. Dzina lanu linali pakamwa panga. Ndinadziuza kuti ayi, munthu wanena ayi. Kamodzi kokha m'moyo wako, umve."

"So munaona kuti tcheni ili chabe bwino."

"Ndine wokalamba, sindine wakhungu."

"Ndiye chifukwa chake munali kuluza masankho."

"Kapena. Nanga inu munalibe miyendo?"

Ndinayang'ana magambutsi anga, amene anali atasiya matope pakhonde la eni.

Anati mitolo yotsalayo nditenge yonse, yaulere. Ndinakana kuti vaulele sinitenga, n'kutchula mtengo wachipongwe monga masiku aja. Maso awo anawala. Anatsegula pakamwa kuti anditsutse. Mawu atatu anatuluka, lachinayi linakana. Anayesanso. Kenako anagwedeza dzanja labwino lija kuti zisiyeni, n'kuliika pabulangete.

Tiyi anabwera. Kapu yawo anawagwirira mayi uja. Ndinafunsa ngati akusangalala kubwerera kwawo.

"Kumeneko ndikudziwako manda okha," anatero. "Amati nyumba imene akandiikeyo ndi yabwino, yotentha. Okalamba kumeneko amangowavomera. Chilichonse chimene unganene, amati inde, inde, n'kukukonzera pilo."

Ine ndimadziwa kutsitsa mtengo wa chinthu, osati kutonthoza mwini wake. Ndinawauza za madzi a ku Kanyama, za mneba wanga amene anapeza mlamba m'khitchini n'kunena kuti Mulungu wamutumizira ndiwo. Anamwetulira. Ndinaona kuti zikope zawo zikulemera. Ndinaimirira, ndinagwira dzanja lawo ndi manja anga awiri, n'kutsanzika. Za mitolo ndinati ndidzabwera ndi wilibala.

Ndinayamba kuyenda kulowera kugeti. Sindinakonze, koma ndinapeza kuti ndikuyenda pang'onopang'ono, msana wonse ukumvera. Tsopano mwambo anali akuudziwa. Ndinadutsa mtengo wa mapeyala. Ndinadutsa chingwe cha zovala. Magambutsi ankalira fwatafwata. Ndinafika pageti, ndipo njinga yoti ndiikonze tcheni ndinalibe. Ndinagwira chitsulo chotsekera n'kuima. Kumbuyo kunali zii.

Ndinacheuka. Chiyambireni ntchito yanga ndinali ndisanachitepo zimenezo, ndipo khosi lenilenilo linadabwa.

Anali atagona. Chibwano chinali pachifuwa, pakamwa potseguka pang'ono, bulangete likutsetsereka pabondo. Luso langa lonse lija ndinkalionetsa munthu amene ali m'tulo. Mayi wa ku Bauleni anali ataima pakhomo ndi thireyi, akundiyang'ana. Sanandikodole.

Ndinabwerera ndekha. Ndinakweza bulangete lija, n'kukhala pampando wanga. Anagona nthawi yaitali, dzuwa mpaka linapendeka. M'nyumba mwana wa mlongo wawo ankamata makatoni, ndipo kutsogolo anthu a mataye ankalizitsa magalimoto awo kupita kwawo. Atadzuka anandiona, sanadabwe. Anafunsa ngati m'ketulo mwatsala tiyi.

Mawa lake linali Lachinayi. Ndinapitanso, wopanda sikelo. Loweruka anakwera ndege.